Mawu a mlendo wolemekezeka pa chikondwerero cha zaka 70 za mayi athu ndi ulendo wawo wa ku phiri la Mulanje

Mayi, inu mwini tsiku, ndagwada.

Munthu akakwanitsa zaka 70, kwathu kuno timamufunira mpando wabwino, chitenje chatsopano ndi mthunzi. Mayi athuwa, ana awo atawafunsa za mphatso, anapempha nsapato zolimba, munthu wodziwa njira, ndi kope. Anati akufuna akagone m'phiri lomwe akhala akuliona kuchokera pakhomo la kalasi moyo wawo wonse wa uphunzitsi. Kopelo ndalipatsidwa kuti ndiwerenge ndisanabwere kuno, ndipo zomwe ndiyankhule lero zachokera m'menemo.

Anayambira ku Likhubula mwezi wa Julayi, ali ndi zidzukulu zawo, mnyamata wotsogolera njira ndi onyamula katundu. Anasankha njira ya Chapaluka, yodutsa pa Dziwe la Nkhalamba, osati ya Skyline yomwe ili yachidule koma yoimirira kwambiri. Amene munakwerapo mukudziwa kuti pamwamba pa phirilo pali chigwa ndi udzu ndi timitsinje ta madzi ozizira ngati a m'firiji, ndipo munthu umaiwala kuti pansi paja pali minda ya tiyi ndi minibasi. Usiku woyamba anagona m'kanyumba ka alendo ka ku Chambe, moyang'anizana ndi thanthwe lalikulu lomwe akatswiri okwera miyala amabwerera kuchokera kumaiko akutali. Mayi analembako pang'ono za thanthwelo. Masamba ambiri a usiku umenewo anawapereka kwa mlonda wa kanyumbako: mmene anasonkhera moto, mmene anawatenthetsera madzi otsukira mapazi osafunsidwa, ndi masabata amene amatha ali kutali ndi ana ake.

Apa ndipomwe ndikufuna ndikhazikike. Phiri la Mulanje lalembedwa kwambiri, koma m'Chingerezi, ndipo olemba ambiri ndi alendo. Laurens van der Post anafika m'phirimo mu 1949 atatumidwa ndi boma la Britain, ndipo buku lake la Venture to the Interior linatuluka mu 1952 n'kuwerengedwa m'maiko ambiri. Palibe cholakwa pamenepo. Koma anthu a ku Mulanje ndi Phalombe, Alomwe, Amang'anja ndi Ayao, akhala akukwera phirili kalekale, kusenza matabwa pamutu, kutema nkhuni, kuthira nsembe, kunyamula zikwama za alendowo. Zimene iwo anaona zinapita nawo kumanda. M'kope la mayi athu, wonyamula katundu aliyense ali ndi kwawo, ali ndi sukulu imene anasiyira, ali ndi chifukwa chimene akugwirira ntchito yotereyi. Mmodzi mwa iwo amathamanga nawo mpikisano wa onyamula katundu umene umachitika chaka ndi chaka kuyambira ku Likhubula komweko, ndipo mtunda umene mayi anayenda tsiku lathunthu iye amaudutsa dzuwa lisanatenthe. Komabe anayenda pambuyo pawo mwakachetechete, osawafulumizitsa. Mayi anaziona zimenezo ndipo anazilemba m'chilankhulo chimene mnyamatayo ndi amayi ake angathe kuwerenga.

Nkhani ya mkungudza inandipweteka poiwerenga. Mayi amakumbukira fungo la zitseko ndi mabokosi a mtengo umenewu ali mtsikana, ndipo anakwera akuyembekeza kukaukumbatira. Anapeza zitsa. Mtengowu mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje lokha pa dziko lonse lapansi, ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Phirilo ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Koma macheka ndi moto wolusa sizinamve malamulowo, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mayi sanatukwane aliyense m'kopemo. Analemba kuti wocheka matabwa naye ali ndi ana ofuna fizi, ndipo wogula matabwawo sakhala m'phiri, amakhala m'tauni pamodzi ndi ife. Kenako anafotokoza timbande timene anationa titadzalidwa, ntchito ya bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira, tina tofika m'mawondo, tina tikulimbana ndi udzu. Mkungudza umakula pang'onopang'ono kwambiri. Amene akudzala lero sadzauona utakhwima, ndipo mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale amaimvetsa ntchito yotereyo kuposa tonsefe.

Analembanso za mabala ofiira a m'mapiri momwe nthaka inagumuka nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Akuluakulu pano mukukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991. Tsamba limenelo ndi lalifupi, ndipo nanenso ndilidutsa msanga, chifukwa m'chipinda muno muli ena amene anaika abale awo.

Tsopano za Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, yomwe palibe ina yoiposa m'Malawi muno. Anafika pa kanyumba ka Chisepo, pomwe okwera nsongayo amagona. Kutacha, chiperoni chinali chitakuta phiri lonse, nkhungu yoti sungaone mnzako ali potero, miyala yonse ili noninoni. Wotsogolera njira, mwana woti ndi mdzukulu wawo pa msinkhu, anawauza kuti asapitirire. Mayi anamvera. Ndikudziwa kuti ena mwa zidzukulu anakhumudwa, ndipo mwina lero akuganiza kuti ulendowo unatsala pang'ono kukwanira. Ine ndikuti unakwanira. Phiri limenelo latengapo anthu amphamvu. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anakwera nsongayo yekha atasiya womutsogolera, ndipo anamupeza atamwalira patapita masiku ambiri. Munthu amene kwa zaka zonsezi ana ankaimirira akalowa m'kalasi, kuvomera kuti pamwamba paja mphunzitsi ndi mnyamata wotsogolera njira uja, si chinthu chaching'ono. Tsiku limenelo analitha atakhala pafupi ndi moto, akumva nkhani za mizimu ya m'phiri, za chakudya chimene akuti woyenda amachipeza panjira ndipo sayenera kuitana mnzake. Iwo ndi mayi a Mvano, koma anazilemba mwaulemu monga anazimvera. Ndipo dziwani kuti mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro zomwezo.

Ndili ndi mapempho. Inu zidzukulu, amene zala zanu zimathamanga pa foni, litayipeni kopeli pa kompyuta, osasintha Chichewa cha agogo anu ngakhale liwu limodzi, musindikize makope angapo. Limodzi lipite ku sukulu imene anapumira ntchito, lina litsikire ku Likhubula kwa anyamata amene anawanyamulira katundu, chifukwa nkhaniyo ndi yawonso. A Gulupu, m'mudzi mwanu muli nkhalamba zimene zinayenda wapansi kupita ku Joni, zina zinasenza matabwa m'phiri lomweli. Tumizani ana a sukulu ndi makope akakhale nazo pansi mvula isanagwe. Makope ndi zolembera za gulu loyamba ndigula ine.

Mayi, Mulungu wakusungani mpaka zaka 70, ndipo mawondo anakutsitsani m'phiri bwinobwino. Akupatseninso zaka zina muli wathanzi. Ana anu andinong'oneza kuti mwayamba kale kufunsa za njira ya ku Nyika. Ndawauza kuti ayambe kusonkha.

Ndikupempha tonse tiimirire, amayi a Mvano atitsogolere nyimbo, mwini tsiku adule keke.