Kusunga Zolemba za Bungwe Lathu pa Zimbale

(Mawu amene anakambidwa pa msonkhano wa nthambi ya Lilongwe)



Enanu mukukumbukira kuti mu July 2014 nyumba yosungiramo katundu wa bungwe loyendetsa zisankho kuno ku Lilongwe inapsa. Mapepala ovotera a dera la Lilongwe City South East, amene khoti linalamula kuti awerengedwenso, anapsera momwemo. Anthu a m'deralo anakavotanso mu October 2017. Chimene chili pamalo amodzi okha chimatha tsiku limodzi.

Nafenso mndandanda wa mamembala, kaundula wa zopereka za maliro ndi zithunzi za msonkhano wapachaka zili m'kompyuta imodzi ya alembi athu. Ikabedwa, kapena ikapsa magetsi akabwera mwamphamvu, tidzadziwa bwanji amene analipira?

Ndikupempha kuti zonsezi tiziziotchera pa zimbale. Chimbale cha CD-R chimanyamula 700 MB, pamene cha DVD-R chimanyamula 4.7 GB. Ubwino wake ndi wakuti zimene mwalembapo sizifufutika, ndipo vairasi siingazisinthe monga ichitira pa fulashi. Malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsera chimbale, koma kachipangizo kolumikiza pa USB kamagwira ntchitoyi bwino lomwe.

Koma mfundo yanga yaikulu nayi: kompyuta ikanena kuti yamaliza, musakhulupirire msanga. Mapulogalamu monga Nero ndi ImgBurn ali ndi pamene palembedwa kuti Verify. Mukasankha pamenepo, kompyuta imawerenganso chimbale chonse ndi kuchifanizira ndi mafayilo oyamba aja. Kenaka katsegulireni chimbalecho pa kompyuta ya munthu wina, muone ngati maina ndi zithunzi zikuoneka. Chimbale chosayesedwa chili ngati nkhokwe imene mwini wake sanasuzumiremo chikololereni; anankafumbwe amawazindikira njala itafika kale.

Tiziotcha ziwiriziwiri. China chikhale kwa alembi ku Kawale, china kwa asungichuma ku Area 25. Utoto wosunga zolembazo umaonongeka ndi dzuwa ndi kutentha, choncho tisaziike pazenera kapena pafupi ndi denga la malata. Tilembepo tsiku ndi cholembera chofewa, osati bolopeni. Chaka ndi chaka tiziziyesanso, ndipo chokayikitsa tiotchenso chatsopano.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Ndikupempha komiti kuti isankhe anthu awiri oyamba ntchitoyi mwezi uno usanathe.