Zovala Zathu za pa Idi ndi Nyanja Yathu

 

Lero aliyense watchena, wina mkanjo watsopano, wina chitenje. Koma tinene zoona, zambiri zimene ana athu avala tatola pa kaunjika. Za kaunjikayu anthu ophunzira akhala akufufuza, ndipo ndati ndikugawireniko zimene anapeza.

M'chaka cha 2008, Garth Frazer wa ku yunivesite ya Toronto anaonetsa kuti mwa ntchito zimene zinatha m'mafakitale osoka zovala muno mu Africa pakati pa 1981 ndi 2000, pafupifupi theka zinatha chifukwa cha kaunjika. Achikulire mukukumbukira nsalu za David Whitehead ku Blantyre, kampani imene boma linagulitsa mu 2003. Nsalu ya pano ikasowa msika, mlimi wa thonje ku Salima naye amamva kuwawa.

Komabe sindinganyoze kaunjika. Mayi Karen Tranberg Hansen, amene anafufuza za salaula ku Zambia nalemba buku mu 2000, anapeza kuti anthu satola chisawawa. Amasankha, amapita nacho kwa telala, chovala n'kukhala chawochawo. Wosauka amavala mwaulemu, ndipo chovala chimene chikanatayidwa chimagwiranso ntchito zaka zingapo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi nsalu yake. Zovala zambiri za masiku ano ndi za poliyesitala ndi nayiloni, kunena kwina pulasitiki. Tikamachapa zimathothoka timaulusi tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti sitiola ngati thonje. Mu 2016, Imogen Napper ndi Richard Thompson a ku yunivesite ya Plymouth anapeza kuti kuchapa kamodzi makilogalamu 6 a zovala za mtundu wina wa pulasitiki wotchedwa acrylic kungatulutse timaulusi toposa 700,000. Iwo anayesa pa makina ochapira. Ife makina tilibe, inde, koma timachapira m'nyanja mwenimwenimo, timaulusito n'kulowa m'madzi popanda chotchinga.

Chaka chomwecho ofufuza ena anatumbula nsomba za m'nyanja ya Victoria, cha ku Mwanza ku Tanzania, napeza tizidutswa ta pulasitiki m'mimba mwa nsomba imodzi pa zisanu zilizonse. Majumbo ndi maukonde otha nawo ali ndi mlandu, si zovala zokha ayi. Koma taganizirani chambo ndi usipa wathu. Zimakhala m'madzi omwe timapikichiramo jezi ndi masiketi.

Ndiye pempho langa nali. Amayi, ndiponso anyamata amene mumadzichapira, tungani madzi m'beseni, muchapire kumtunda, madzi akudawo muthire m'dzenje kutali ndi gombe. Ndi ntchito yowonjezera, ndikudziwa. Posankha pa kaunjika, yang'anani kachikwangwani ka mkati mwa chovala. Ngati palembedwa cotton, ndiye kuti ndi thonje. Sanza musaponye m'nyanja. Nanunso abambo, kugula mkanjo Idi iliyonse wina ali bwinobwino m'sutikesi, kodi si israf imene timaphunzitsa ana ku madrasa? Ukakuthinani, telala wa pamsika audule, mwana avale pa Ijumaa.