Mlendo m'Munda wa Boazi

Tawerenga za Rute wa ku Moabu, wokunkha barele ku Betelehemu. Tizindikire kuti Boazi sanangomsiyira ngala zokha ai. Anamuuza akhale pamodzi ndi adzakazi ace, kuti mlendo asagwire nchito yekha.

Kuyambira caka ca 2003 dziko la America linalandira anthu othawa nkhondo ya ku Somalia, ochedwa Somali Bantu. Ena a makolo ao anali Ayao, Amakua ndi Anyanja ogwidwa ukapolo kale lomwe. Ndiwo abale athu ndithu. Anali alimi, koma anafika m'mizinda yaikuru, kumene nyengo ndi nthaka nzacilendo. M'caka ca 2009 bungwe la International Rescue Committee linatsegula dimba lochedwa New Roots mumzinda wa San Diego. Pamenepo wa ku Somalia, wa ku Cambodia ndi wa ku Mexico analima moyandikana, napatsana mbeu, naonetsana nthawi yobzala ndi yothirira, cinkana zinenero zao zinasiyana.

Ifenso tiri nao alendo ku Dzaleka, m'boma la Dowa, ocokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, maiko a nthoci ndi nyemba. Inu aphunzitsi, mukakomana nao muwafunse za malimidwe ao, nimuwauze za mvula ya kuno.