Wopereka umboni akatsika pansanja



Timakumana pa 28 July chifukwa ndilo tsiku lobadwa la Baruch Blumberg, dokotala wa ku America amene anatulukira kachilombo ka hepatitis B. Bungwe la WHO likuti mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kachilomboka, koma mwa anthu 100 alionse, odziwa kuti ali nako anali 13 basi. Umboni wa anthu okhala ndi kachilomboka umene tamva lero umakokera anthu kukayezetsa kuposa mmene chikalata chilichonse chingachitire.

Ine ndikufuna ndilankhule za eni umboniwo. Ife tikaomba m'manja timabalalika. Iwo amabwerera kumudzi kumene nkhani yawo yafika kale.

Ubwino wopereka umboni ulipo, sindikukana. Munthu amene wakhala akumwa mankhwala a tenofovir mobisa amatula katundu wolemera tsiku limene wayankhula, ndipo amapeza anzake a vuto lomwelo. Ku America, bungwe la Hepatitis B Foundation linayamba mu 2017 kujambula nkhani zotere, mwini nkhani akudzilembera yekha mawu oti anene. Pamenepo mpamene tiyenera kuphunzirapo: iye ndiye asankhe zonena ndi zosunga mumtima.

Paja kuno kwathu ambiri amatenga kachilomboka pobadwa kapena ali makanda. Ndiye munthu akati "ndili nako", maso a anthu amathamangira kwa mayi ake, kwa azichimwene ndi azichemwali ake, amene sanafunsidwe n'komwe. Ena amafulumira kumuweruza kuti ngwachiwerewere. Chitomero chimatha. Mbale yake amaiika padera, chonsecho kachilomboka sikafala podyera pamodzi nsima.

Inu okonza misonkhano, musajambule munthu n'kumuika pa Facebook musanamufunse bwinobwino. Akasintha maganizo m'mawa wa tsikulo, mulekeni, alibe mlandu. Sabata yamawa mukamuyendere, mukamve mmene am'landirira kwawo, ndipo a pabanja pake muwathandize kuyezetsa. Paja katemera wa hepatitis B tinayamba kupereka kwa ana mu 2002. Akuluakulu ambiri muno tinabadwa asanabwere.

Mafumu, anthu alankhulawa ndi ana anu. Wina akawanyoza pamjigo kapena pamaliro, nkhaniyo ifike kubwalo lanu.

Oyeza magazi akutidikira, ndipo ine ndikhala woyamba pamzere.