Musanagule injini ya 40, mverani kaye izi

(Awa ndi mawu omwe mkulu wathu wina, yemwe anakulira konkuno ku Mzilawaingwe koma pano ali ndi boti ku Nkhata Bay, analankhula pa msonkhano wa Loweruka. Amene munajomba werengani tisanavote za ndalama za m'bokosi.)



Ndauzidwa kuti ndalama zomwe mwakhala mukusonkha mukufuna kulowa nazo m'boti la mnzanu kunyanja. Iye ali ndi boti, chilimila ndi injini ya 15, inu muwonjezerepo agule ya 40, phindu muzigawana. Ine ndi amalume tinachita zomwezo, ndiye ndikuuzani mmene zinatiyendera.

Chifukwa chofunira injini yaikulu ndi chomveka, sindikutsutsa. Usipa masiku ano tikukaupeza kutali. M'boti muli anthu 9 kapena 10, mabatire a magetsi okopera usipa, ukonde wonyowa, komanso mabwato a siginala ndi anzake. Ka 15 kamachita kulira. M'mawa mumafika padoko mochedwa, amayi ochokera kuno ku Mzuzu agula kale kwa ena, usipa wanu wayamba kufewa, mtengo akutchula ndi iwo. Zimawawa.

Ndiye tinagula 40 ya kaunjika kwa munthu wina yemwe anabwera nayo kuchokera ku Joni. Chivindikiro chopentedwa bwino, chonyezimira. Ine m'mutu ndinawerengera ngati mwana wa Sitandade 4: 40 ndi pafupifupi ma 15 atatu, basi tizithamanga katatu.

Ayi ndithu. Boti la matabwa lolemera silikwera pamwamba pa madzi ngati timaboti ta alendo tija mumationa ku Chintheche. Limakankha madzi, ndipo chimene chimalamula liwiro lake kwambiri ndi kutalika kwa botilo. La mamita 7 ngati lathu likafika cha m'makilomita 12 pa ola, latha. Mukawonjezera moto, kumbuyo kumangomira, mphuno kudzuka, funde lomwe mukusiya kukula. Paulendo wa maola awiri tinkapulumutsa mwina mphindi 20. Nanga mafuta? Yamaha Enduro ya 15 mukaitsegula yonse imamwa malita pafupifupi 7 pa ola. Ya 40 imamwa pafupifupi 20. Ndipo anyamata akagwira chiwongolero cha injini yatsopano satsegula theka, eti? Amafuna a boti linalo awaone.

Apa mumvetsetse, chifukwa ndi pomwe pali ndalama zanu. M'boti lathu tikagulitsa timachotsa kaye za mafuta, zotsalazo n'kugawa pakati, theka mwini zida, theka asodzi. Mafuta akakwera, amayamba kulira ndi asodzi. Mwezi wachiwiri anyamata atatu, ndi siginala yemwe, anatithawa kupita ku boti la 15. Siginala wabwino ndi amene amadziwa pokhazika magetsi ndi nthawi yoponya ukonde. Injini sidziwa komwe kuli usipa. Tinakhala masiku asanu ndi 40 yathu pamchenga, mdima uli bwinobwino, anzathu akupha.

Sindikunena kuti 40 ndi yachabe. Pa boti lalitali, lodzaza, pobwerera moyang'anizana ndi mphepo, mphamvu ija imathandiza, ndipo mukaiyendetsa theka simwa moopsa. Koma wina asakunamizeni kuti ndi 40 mwera saopsa. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, a zanyengo akachenjeza pa wailesi, boti likhale kumtunda, kaya muli ndi injini yanji.

China chomwe sitinaganizire ndi kulemera. Ya 15 imalemera pafupifupi makilogalamu 40, munthu mmodzi amaiika paphewa kukaisunga m'nyumba. Ya 40 ili cha m'ma 70, mpaka anthu awiri, ndipo tsiku lomwe mwatopa n'kuisiya padoko ndi lomwe akuba amabwera. Thabwa lakumbuyo pomwe timamangirira injini linakhomedwa poganizira 15. Patatha milungu itatu linayamba kung'aluka m'misomali, madzi kulowa, mmisiri kutidyanso ndalama. Muyezenso mwendo wa injini: ulipo waufupi wa mainchesi 15 ndi wautali wa 20. Ukafupika, pulopela imatuluka m'madzi pa funde lililonse n'kumazungulira mphepo. Ukatalika, mukukoka chitsulo m'madzi pachabe.

Mukakakamirabe kugula ya kaunjika, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Gwirani injini ndi dzanja, ikhale yozizira, ailize inu mukuona. Kumbuyo kuzituluka kamtsinje ka madzi kamphamvu. Kakamadontha, ndiye kuti kampira kopopa madzi oziziritsa katha. Amasule oyilo wa magiya kumunsi: akatuluka woyera ngati mkaka, madzi akulowa. Yathu inali choncho, tinazindikira titalipira kale. Musavomere kuiyesera mu diramu. Aimange pa boti lenilenilo, anthu akwere, ukonde ulowe, muyende ola lathunthu. Nambala ya injini ilembedwe pa kalata yogulitsirana, a komiti ya padoko, a BVC, asainire umboni. Nambala ikakhala yofufutidwa, tsanzikani.

Za oyilo, injini zimenezi timasakaniza oyilo ndi petulo m'thanki. Zambiri muyeso wake ndi 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita pa thanki ya malita 25, koma onani buku la injini yanuyo. Akhale oyilo wa 2T wa injini za pamadzi, osati wa galimoto. Ndipo inu a ku Mzuzu mizere ya pa filling station mukuidziwa. Petulo akasowa timagula wa m'zigubu, wodula, nthawi zina wothira parafini. Wa 15 amapeza malita ochepa n'kupita, wa 40 amagona. Zipangizo nazo zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chinakwera, ndipo za 40 ndi zodula kuposa za 15.

Ife tinaigulitsa moluza. Tinagula 25, thabwa tinalimbitsa, ndipo 15 ija sitinaitaye, ndi yomwe imatipulumutsa inayo ikakhala kwa makaniko.

Ndiye apampando, pempho langa ndi ili. Musanatulutse ndalama, mnzanuyo akupatseni kope la miyezi iwiri: malita angati usiku uliwonse, ndowa zingati, anagulitsa zingati, ndi masiku angati omwe sanapite chifukwa cha kuwala kwa mwezi kapena mwera. Ngati salemba, ayambe mawa, inu mudikire. Muonenso chiphaso chake cha ku nthambi ya usodzi ndi mapepala a boti. Mulembe kuti injiniyo mwini wake ndani, ikafa akonza ndani, ikabedwa kapena kumira aluza ndani. Achemwali osunga chuma, izi zikhale pa pepala, osati pa WhatsApp pokha.

Mdima ukubwerawu sankhani anthu awiri, mmodzi akhale mtsikana chifukwa amafunsa za ndalama mosachita manyazi. Kwerani minibasi pa depoti, mundipeze ku Nkhata Bay dzuwa lisanalowe. Ma life jacket ndili nawo, koma juzi mubwere nayo yanu, panyanja usiku kumazizira.