Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Asilikali Opuma ku Petauke

A tcheyamani, nthumwi za Mfumu Yaikulu Kalindawalo ndi za Mfumu Ndake ya ku Nyimba, akuluakulu a zaumoyo, makolo athu amene munavala yunifolomu, ndi inu amayi amasiye a asilikali, ndakulonjerani nonse.

Kampu ya asilikali ku Chipata dzina lake ndi Gondar, mzinda wa ku Ethiopia kumene nkhondo inavuta mu 1941. Ya ku Lusaka ndi Arakan, ya ku Kabwe ndi Chindwin, maina a ku Burma kumene anakafika azigogo athu a Northern Rhodesia Regiment. Koma ambiri mwakhala panonu nkhondo yanu inali ya pakhomo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za Renamo zikudumpha malire kudzawotcha midzi ndi kuba ng'ombe, ndinu munkagona m'tchire kuti ife tigone m'nyumba. Zikomo.

Tchire lija linakusiyirani katundu: mawondo ophwanya, msana, makutu ogontha ndi phokoso la mfuti, ndipo ukalamba wawonjezapo shuga ndi BP. Muli pantchito, chipatala chanu chachikulu chinali Maina Soko ku Lusaka. Lero Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pano, ndipo ya basi yokha ikhoza kudya penshoni. Ndiye msilikali wopuma akadwala, amulipirira ndani?

Yankho lili pawiri. Kuyambira 2006, boma linachotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Kumeneko misonkho ya tonsefe ndiyo ikulipira. Matenda akakula, pali inshuwaransi ya NHIMA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018. Wapantchito amadulidwa 1 peresenti pa malipiro ake, womulemba ntchito nawonjezapo 1 peresenti. Thumba limenelo ndilo limasamala odwala. Amene mwapyola zaka 65, lamulo silikufunsani kusonkha.

Koma makolo anga, thumbali silidziwa mendulo, limadziwa dzina lolembedwa m'kaundula. Chakudza sichiimba ng'oma. Musadikire kufika pa machira kuti mufunse ngati munalembetsa. Tengani reji yanu, mutenge ndi ya amayi a kunyumba, mukalembetse mukadali oyenda nokha. Inu a komiti, mukudziwa anzanu amene sanafike lero chifukwa miyendo yakana. Pitani kumidzi kwawo mukawalembe.

Kwa a zaumoyo pa Kalindawalo General, pa Minga ndi pa chipatala cha boma ku Nyimba, pempho langa ndi ili: wachikulire amene anaima pa malire usiku wonse asaime pa mzere tsiku lonse. Ndipo kwa aboma, khadi la NHIMA popanda mankhwala m'chipatala ndi pepala chabe. Ndalama za thumbali zizifika msanga m'zipatala za kuno.

Ndi mawu amenewa, msonkhano wathu ndautsegula.