Mphekesera, Njala ndi Chikhulupiriro pa Maofesi a Boma

Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera, m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota



Chaka cha 2002 chinali cha njala yoopsa m'Malawi. Chakumapeto kwa chakacho kunabuka mbiri yoti boma lagwirizana ndi mabungwe akunja kuti azipopa magazi a anthu posinthana ndi chimanga. Mu Januwale 2003 anthu okwiya anagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mumzinda wa Blantyre, pomuganizira kuti akusunga anamapopa. Palibe namapopa amene anapezeka kwa iye kapena kwina kulikonse. Komabe anthuwo anali ndi chowawawa chenicheni: chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa njala isanafike, ndipo wamba sanauzidwe momveka kuti chinapita kuti. Munthu amene wabisiridwa za chimanga savutika kukhulupirira za magazi.

Nkhani yomweyi inalipo kale. Pamene anthu ankaphedwa usiku ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, manong'onong'o anali oti magazi awo akukabwezera ngongole ku South Africa. Inabweranso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, kumene anthu osachepera 8 anaphedwa popanda mlandu, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Nthawi zambiri ophedwa amakhala alendo, odwala misala, kapena munthu amene wangosokera njira madzulo.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakumwera. Koma nthaka imene mphekesera zimamerapo ilinso kuno kunyanja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Msodzi wa chilimira amagula petulo ndi ukonde pa mtengo watsopano, pamene usipa sukupezeka monga kale ndipo chambo chinasanduka ndiwo ya alendo. Mlimi wa mpunga ku Bua amaona thumba la feteleza likukwera chaka ndi chaka. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anagumula nyumba ndi kukokolola minda ku Dwangwa, m'dera la Gogo Chalo Kanyenda, mabanja zikwizikwi n'kuthawira m'misasa. Bambo amene wataya nyumba ndi munda sagona tulo. Amafuna kudziwa wachititsa mavuto ake ndani, ndipo ofesi ikakhala chete, yankho amakalipeza pa doko, pa bawo kapena pa WhatsApp.

Mtengo wa nkhani za m'maluwa unaoneka pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sunasiye maboma a kunyanja. M'madera ena munamveka zoti achipatala ndiwo akufalitsa matendawo. Mabanja ena anabisa odwala m'nyumba, chonsecho kolera amatha kupha munthu tsiku limodzi pomutha madzi m'thupi, ndipo thanzi ORS ndi dilipi zimapulumutsa amene wafika msanga. Mlangizi wa zaumoyo amene ankathira kolorini m'chitsime ankayang'anidwa ngati mfiti, pamene ndi mwana wa m'mudzi momwemo, womwa madzi omwewo.

Pamenepa khonsolo siingangoloza chala anthu kuti ndi osaphunzira. Dzina likasowa pa mndandanda wa Mtukula Pakhomo kapena wa zipangizo zaulimi zotsika mtengo popanda wofotokoza, mwini dzinalo amadzipangira yekha chifukwa. Chipinda cha sukulu chikaima pa mawindo zaka ziwiri, osamva kuti ndalama zinathera pati, mawa wakhonsolo akabwera ndi uthenga wa katemera adzamvedwa ndi khutu limodzi. Ndipo kunena zoona, nthawi zina okayikawo amakhala akulondola: ndalama za chitukuko zinasowapo m'makhonsolo a m'dziko muno, ndipo aliyense anamva za Cashgate mu 2013.

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mwa lamuloli, munthu wa m'wadi ali ndi ufulu wofunsa kuti mlatho wa CDF wadya ndalama zingati, kontilakitala wake ndani, ndipo utha liti. Sakupempha chifundo pofunsa zimenezi. Komiti ya VDC ndi ya ADC ziyenera kumata mayina a olandira thandizo ndi mitengo ya ntchito pa khoma la sukulu kapena pa bwalo la mfumu, m'Chichewa ndi m'Chitonga kumene akuchiyankhula, ndi kuwawerenga mokweza kaamba ka amene sadziwa kuwerenga. Wosiyidwa auzidwe chifukwa chake pamaso, ndiponso komiti ya madandaulo imene angapiteko.

Mphekesera ikalowa m'mudzi usiku, mlendo wokayikitsa aperekedwe kwa nyakwawa kapena kwa apolisi a m'mudzi ali wamoyo ndi wosavulala. Nyakwawa itumize uthenga kwa khansala ndi kupolisi usiku womwewo, ndipo ofesi yokhudzidwa ibwere kudzayankha pa bwalo sabata isanathe, anthu akumva ndi kufunsa.